Kodi Chewe Ankakonda Kumwa Chiyani?

Ba Kangwa anafika ku George, dera la anthu wamba mu Lusaka, Lachitatu pa basi ya ku Mufulira, chikwama cha zovala m'manja, lamulo pakamwa. Anali malume ake a malemu Chewe, ndipo anadzera mwambo wovundukula mwala wa pamanda umene unali Loweruka ku manda a Chingwere. Asanasase n'komwe fumbi la kunsapato, anakhala pa sofa wabwino uja, wosabaya matako, n'kuitanitsa Rhoda, mkazi amene Chewe anasiya.

"Bana Luyando," anatero mkuluyo, pakuti kwa a Bemba mkazi amaitanidwa ndi dzina la mwana wake, "abusa bakasiliza vao, ise tizachita vathu. Munthu safunika kugona na njota. Imwe muzathila pa manda chakumwa chamene mwana wathu enzo konda. Chimozi chabe, osati vambili monga tili pa pate. Manje tiuzeni, ni chani?"

Funso limeneli ngakhale mwana wa ku mkaka akanaliyankha. Rhoda anakhala ndi Chewe zaka zoposa makumi awiri m'nyumba ya zipinda ziwiri, momwe wina akatsokomola kuchipinda wa pabalaza amafunsa ngati wamwa mankhwala. Anagwada bwinobwino, manja pamodzi, n'kuyankha malumewo kuti, "Ni tiyi, bayama. Ya mukaka."

Pakhomo panamveka kuseka. Anali ba Nsofwa, mlongo wake wamkulu wa Chewe, mayi wogulitsa salaula, zovala za kaunjika, ku Matero, amene pakamwa pake sipankadikira kuitanidwa.

"Tiyi! Awe mwandi, bana Luyando, musatisekese pa malilo. Ninankhalapo muno mu nyumba ine. Kapu ya Chewe yenzo nkhala pa tebulo yozula mpaka yazizila, nchenche zagwelamo. Munthu angasiye chinthu chamene akonda? Mufana wanga enze wa munkoyo, bayama. Wamene nipanga ine, na mizu yochoka ku Mpika."

Za munkoyo, thobwa la mizu lija, Rhoda akanatsutsa, koma za kapu mlamu wakeyo sankanama. Chewe anali wokonza mafiriji, munthu wothamanga m'mawa uliwonse ngati kwina kukupsa. Rhoda ankathira makapu awiri. Mwamunayo yake sankaiyang'ana n'komwe. Ankadikira kuti mkazi wake amweko, kenako n'kumulanda kapu m'manja, n'kugugudiza zotsalazo ali chiimire, chikwama cha zipangizo paphewa. "Muli na kapu yanu!" Rhoda ankakuwa choncho tsiku ndi tsiku, Chewe n'kumaseka ali kale panja, akudutsa mzere wa zigubu pa kiyosiki ya madzi. Nanga kumeneko n'kukonda tiyi, kapena ndi khalidwe loipa chabe la mwamuna wofuna kunyowetsa kukhosi? Rhoda anali asanadzifunsepo zimenezi, ndipo tsopano zinamukhala pamtima.

"Mukazi ndiye aziba," anagamula ba Kangwa. "Koma ngati saziba, palibe mulandu. Mukulu wake azathila."

Palibe mlandu! Amuna achikulire amadziwa kuponya mwala n'kunena kuti ndi thonje. Chikwatiwire Rhoda, ba Nsofwa ankauza aliyense wofuna kumva kuti mkazi wa ku Kateteyu, wodya mbewa, samudziwa mlongo wawo. Ndiye Loweruka Rhoda aime kumbuyo manja ali m'khosi, ba Nsofwa ali kumutu kwa manda akuthira munkoyo, pamaso pa a Bemba onse, abale a ku Katete, amayi a mpingo ndi theka la George? Kumeneko kukanakhala kulengeza kuti zaka zonse zija iye anali wa lendi m'nyumba ya mwamuna wake. Zimenezo anakana ndi mtima wake wonse.

Kutacha anafulula tiyi wake monga mwa masiku onse, n'kukhala pa kampando ka pakhomo. Maganizo anali kutali. Luyando, mwana wawo mmodzi yekhayo, amene ankaphunzira unamwino, anabwera kudzatola makapu.

"Mami, mwasiya futi hafu. Masiku yonse hafu, hafu. Shuga yadula, imwe mungotaya."

"Leka kunisokosa," anatero Rhoda, osayang'ana n'komwe. "Nipase nsapato. Niyenda ku Matero."

Safunsa anadya phula. Ngati panali munthu wodziwa kukhosi kwa Chewe kunja kwa nyumba, anali Fackson, mnzake wa paunyamata, mwini kabala kena kuseli kwa msika wa Matero. Rhoda chibadwire anali asanapondemo m'bala. Atatsika minibasi anaima pakona, n'kutembenuza chitenje chake cha mpingo kuti vesi yolembedwapo iyang'ane m'kati. Mulungu amaona zonse, inde, koma amayi a mpingo amaona msanga.

Anamupeza Fackson akukolopa, mimba ili patsogolo ngati ikutsogolera ntchito. M'katimo munkanunkha mowa wadzulo ndi sopo.

"Mulamu! Imwe muno? Kwagwa chani?"

Rhoda anafotokoza, maso ali pansi. Fackson anaimika chokolopera, nkhope yake n'kuwala ngati wafunsidwa dzina lake lomwe.

"Ah, iyo ni yosavuta. Mosi. Yozizila maningi, monga yachoka ku mochale." Atazindikira amene akulankhula naye anadzigwira pakamwa. "Pepani mulamu, kamwa iyi. Koma ni Mosi, nilumbila."

"Bashi Luyando banaleka moba pamene tinabatizika," anatero Rhoda pang'onopang'ono, kutchula mwamuna wake ndi dzina la mwana.

Fackson anakanda m'mutu, n'kuyang'ana kudenga kumene kunalibe thandizo lililonse.

"Kuleka banaleka, ee. Kugula sibanagulepo olo imozi. Bati bakasiliza kukonza filiji, nabasegulila yao, baikankha. Ati, 'Nipase iyo ili mu manja mwako, nione ngati filiji yanga isebenza.' Ananisilizila mabotolo uja munthu, mulamu. Enzo kamba ati palibe chinthu chinzuna monga Mosi."

"Boza!"

Mawuwa anachokera pangodya, pamene Rhoda ankayesa kuti pali mulu wa masaka. Anali ba Chishimba, mkulu wopenta nyumba, atakumbatira paketi ya Chibuku ngakhale dzuwa linali lisanafike pamutu.

"Chewe enze wa Chibuku. Tenzo pasana pakiti ine na eve kuseli kwa butchala. Ati vamabotolo ni manzi chabe, ichi ndiye chakudya na chakumwa pamozi. Nenze namvela na matu yanga."

"Imwe mdala, matu yanu yanafa kudala," anatero Fackson.

Anayamba kukangana, wina kuloza ndi chokolopera, wina ndi paketi, aliyense akulumbira pa manda a amake. Rhoda anayang'ana uyu, n'kuyang'ana uyo. Palibe amene ankaoneka wonama, ndipo chimenecho ndicho chinamuzunguza mutu. Anatuluka amunawo atamupanikiza jumbo m'manja, m'kati muli botolo ndi paketi. Mu minibasi botololo linkagunda chitsulo cha mpando pa bampu iliyonse, mpaka kondakitala anamuyang'ana kuyambira kumpango mpaka kunsapato n'kunena kuti, "Mami, lelo kuli bwino ku nyumba."

Anapita kukafuna yankho limodzi, n'kubwera ndi awiri, kuphatikizapo nkhani yoti mwamuna wake wobatizidwa ankamwa. Anamukwiyira Chewe njira yonse. Kukwiyira munthu wakufa n'kotopetsa, chifukwa umadzifunsa wekha n'kudziyankha wekha.

Ku George madzi amavuta, koma nkhani imayenda popanda paipi. Pofika Lachisanu aliyense anali atamva kuti mkazi wa Chewe akufunafuna chimene mwamuna wake ankamwa, ndipo anthu achifundo anayamba kubwera kudzamuthandiza. Chifundo china chimapha.

Woyamba anali bana Chola, woyandikana naye nyumba, wogulitsa maaisi a ana a sukulu. Anatulutsa m'chitenje botolo la vinyo wofiira wotsekemera, wotsala pa phwando la mwana wawo wamkazi. Chewe, anatero mayiyo, atakonza firiza anaona iwo akumwako pang'ono chifukwa cha magazi, n'kulawa, n'kunena kuti uyu ndiye vinyo wa ku Kana weniweni. Rhoda anathokoza n'kuika botololo patebulo pambali pa enawo.

Kenako kunafika bambo wina wamtali, wa malaya oyera ositidwa bwino, nsapato zili mbuu. Anati dzina lake ndi Dalton, wophika m'nyumba ina ya anthu olemera ku Roma, dera lina la mu Lusaka, ndipo amakhala m'dera la Ng'ombe. Ananyamula fulasiki ngati wanyamula khanda.

"Ba Chewe benzo bwela kukonza vya mu kicheni kwa abwana," anatero. "Iyi ni khofi yeniyeni, mayo, yogaya pamene apo, osati ya mu chitini. Ilibe shuga, ilibe mukaka. Ine ndiye nimamwa so, na beve benze chimozimozi. Ati iyi ndiye ya bamuna. Lawani."

Rhoda analawa, nkhope yonse n'kukwinyika. Zinali zowawa ngati mankhwala a malungo akale aja. Chewe ameneyu, amene ankagugudiza tiyi wa Rhoda wa shuga wochita kumata milomo, ndiye ankamwanso zimenezi n'kumaziyamikira? Anayamba kukayika ngati onsewa ankanena za munthu mmodzi. Mwina mu Lusaka munali a Chewe angapo okonza mafiriji, onse a mpata kumano, onse omwalira chaka chatha.

Ba Kangwa anazungulira tebulo lija manja ali kumbuyo, akuwerenga zolembedwa pa mabotolo.

"Uyu mwana enze na mimba zingati?" anafunsa.

Ba Nsofwa anafika masana ndi chigubu cha munkoyo pamutu. Anachitsitsa pakati penipeni pa tebulo, n'kukankhira zinazo m'mbali.

"Mwasegula bala, bana Luyando? Mukazi wa mu nyumba kuyenda kufunsa ku vidakwa vamene mwamuna wake enzo konda! Ine nenze nakamba kudala."

Koma ngakhale iwo maso awo ankabwererabwerera pa fulasiki ya Dalton. Zoti mlongo wawo ankamwa khofi wowawa m'makhitchini a ku Roma sankazidziwa, ndipo ba Nsofwa sankakonda kusadziwa.

Dzuwa litapendeka, pakhomo panaima mtsikana. Wigi wofika m'chiuno, zikhadabo zobiriwira, thalauza yoti amayi a mpingo amene ankasenda anyezi panja anasiya mipeni. M'manja anali ndi kabokosi kosungira zozizira.

"Odi. Ndine Monalisa. Nasebenza ku bala ya pa loji ku Ibex. Namvela ati mufuna chamene ba Chewe benzo konda."

Anatsekula kabokosiko n'kutulutsa botolo la pakamwa papakulu. M'kati munali chakumwa cha pinki, madzi oundana akuyandama, kachidutswa ka chinanazi katakhomedwa pamlomo.

"Ni kokitelo. Muli jini, chinanazi, ndimu na tumanyuchi tofiila. Benzo ikonda maningi."

Ba Nsofwa anakoka mpweya ndi mphuno n'kunong'ona mokweza, mmene amanong'onera anthu ofuna kumvedwa, "Ehe. Apa pali nkhani."

Rhoda anaimirira. Anamugwira mtsikanayo padzanja n'kupita naye kuseli kwa nyumba, pamene pamakhala migolo ya madzi.

"Iwe mwana, niyang'ane. Wenze chani na bamuna banga?"

Monalisa anatong'ola maso, kenako anamvetsa, n'kugwira pachifuwa.

"Awe mami! Awe shuwa. Benzo niitana ati mwana wanga. Benzo nionesa mapikicha ya Luyando mu yunifomu mpaka nalema." Anayamba kulira. "Pamene ninayamba nchito sinenzo ziba kusakaniza. Ba manija banakamba ati nikapanga futi vamanzi-manzi bazanichosa. Nenzo phunzila neka muzuba, nilawa, nitaya, nilawa, nilila. Beve benze pansi pa mashini ya aisi, mendo chabe ndiye yaoneka. Banauka, banatenga tambula yanga, yamene nenze namwako, banamwa yonse. Ati, 'Iyi ndiye yanga. Usachinje chilichonse.' Iyo kokitelo ndiye inanisungila nchito, mami."

"Wenzo bapangila?"

"Nthawi zonse bakabwela. Nabaikila na ka ambulela pamwamba. Bati yao benzo isiya. Bafunsa chabe ati, 'Mwana wanga, ukumwa chani lelo?' Basi batenga yanga."

Rhoda anamukhulupirira, ndipo zimenezo zinangoonjezera chizungulire. Chikanakhala chibwenzi, bwenzi akudziwa chochita: kumanga chitenje m'chiuno, kukuwa, anthu n'kuwaleretsa, nkhani n'kutha. Koma apa panalibe womumenya. Panali mtsikana wolira maliro a mwamuna wake ndi misozi yeniyeni, utoto wa m'maso ukutsika m'masaya. Rhoda anapezeka akumupukuta ndi nsonga ya chitenje, osadziwa kuti wayamba liti.

Madzulo, alendo atapita kukasamba, anaima yekha patebulo paja. Ananunkhiza vinyo. Anagwedeza paketi ya Chibuku, imene inali itayamba kale kufufuma. Anagwira botolo la Mosi, n'kulisiya. Akasankha mowa, ndiye kuti wavomera pamaso pa mpingo kuti mwamuna wake ankamunamiza. Akasankha munkoyo, wapereka mwamuna wake kwa ba Nsofwa ndi manja awiri. Tiyi anali atasekedwa kale. Chilichonse patebulopo chinali ndi mboni yake yolumbira, ndipo chake chokha ndicho chinali ndi mboni yotsutsa. Anachita mantha, mantha enieni, kuti mwina mlamu wake ankanena zoona zaka zonsezi.

Loweruka kunacha ndi phokoso. Minibasi ziwiri zobwereka zinaima pamsewu chifukwa m'kanjira ka kwawo simulowa galimoto. Amayi ankathamanga ndi mapoto, wina wataya nsalu yophimbira mwala, wina waipeza pansi pa ba Kangwa. A ku Katete ndi a Bemba anali atayamba kale chimbuya chawo, chibale cha nthabwala chija, kupakana ufa kumaso n'kumanyozana za kudya mbewa ndi anyani. Rhoda sanaike kanthu m'kamwa. Anakwera basi manja ali opanda kanthu, ndipo ba Nsofwa anaona zimenezo n'kukhazika bwino chigubu chawo pamiyendo.

Ku Chingwere kunali fumbi ndi dzuwa. Anaimba, abusa analalikira, nsalu inachotsedwa, dzina la Chewe n'kuonekera pa mwala wakuda. Rhoda analiwerenga ngati dzina la munthu amene anangomumvera mbiri. Atatha pemphero, ba Kangwa anatsokomola kawiri, abusa n'kukumbukira mwadzidzidzi kuti aiwala kanthu ku basi. Anali munthu wodziwa nthawi yoyang'ana kumbali.

Apo m'pamene Rhoda anaona kuti tebulo lonse lija lamutsatira kumanda. Fackson anali ndi Mosi m'thumba la jekete. Ba Chishimba, atavala tayi, anafungatira paketi yatsopano. Dalton ndi fulasiki yake, bana Chola ndi vinyo m'chitenje, Monalisa kumbuyo ndi kabokosi kake, mpango utaphimba wigi. Aliyense ankamuyang'ana ndi nkhope yolimbikitsa, kudikira kuti atchule chake.

"Bana Luyando," anaitana ba Kangwa. "Bwelani kuno ku mutu. Tiuzeni."

Rhoda anayenda n'kukaima kumutu kwa manda. Kumbuyo kwake anamva chivindikiro cha chigubu chikupotokoka. Anayang'ana Fackson, Dalton, mtsikana uja, mwala. Dzuwa linamumenya pamutu, manda oyandikana nawo n'kuyamba kuyendayenda, ndipo anadzandira.

"Mami!" Luyando anamugwira pamkono. "Simunadye chilichonse. Imwani iyi, muzagwa."

Mwanayo anali atanyamula tiyi m'fulasiki ya kunyumba, poti unamwino unali utamulowa kale m'magazi. Anathira m'kapu ya pulasitiki n'kuwapatsa amake. Rhoda anamwa, osaganiza kanthu. Anali tiyi wake wa masiku onse, wa mkaka, wa shuga wambiri. Anamwanso. Tiyi atafika pakati pa kapu, milomo inaleka yokha, dzanja n'kutambasukira kumanzere, m'mwamba pang'ono, pa msinkhu wa munthu woimirira amene ali ndi chikwama paphewa.

Dzanjalo linakhala m'malere. Panalibe wolanda.

Rhoda analiyang'ana ngati la munthu wina. Hafu, hafu, masiku onse. Chaka chathunthu wakhala akusiya theka la kapu pa kampando ka pakhomo, mwana n'kumadandaula za shuga, iye osadziwa kuti akusiyira ndani. Ndiye anamva mawu a Fackson m'mutu mwake, nipase iyo ili mu manja mwako, ndi a Monalisa, yao benzo isiya, batenga yanga. Onse aja anamuuza chinthu chimodzi, iye n'kumangomva maina a zakumwa.

"Manje ni chiti?" anafunsa ba Kangwa, ataona kuti nthawi ikupita. "Mwasankha tiyi?"

"Sibenze na chao, bayama," anatero Rhoda. "Benzo konda chamene munzao amwako. Mukabapasa yozula sibangamwe."

Anawerama n'kuthira theka lija pa dothi, kumutu kwa mwala. Nthaka youma inamwa nthawi yomweyo.

Kenako Fackson anatulutsa mawu ngati munthu womenyedwa pamimba. Anatsekula Mosi ndi mano, n'kumwa mpaka pakati, misozi ikutsikira m'botolo, n'kuthira yotsalayo. "Siliza, mwana," anatero. "Filiji isebenza." Ba Chishimba anagwedeza paketi yawo, n'kumwa kupitirira theka pang'ono, poti chizolowezi sichimva maliro, n'kukhuthula zotsala. Dalton anachita zake mwaulemu, atagwada bondo limodzi. Bana Chola anayamba ayang'ana ku basi kumene kunali abusa. Monalisa anamwa pinki wake n'kusiya kachinanazi kaja pamwala.

"Nenze nakamba ati chimozi," anadandaula ba Kangwa, akuyang'ana uku ndi uku. Palibe anawamva, ndipo iwonso sanaumirire.

Anatsala ba Nsofwa, chigubu chotsekula m'manja, chodzaza mpaka pakhosi. Anali atabwera kudzathira chonse, kuti George yense aone. Rhoda anakutumula kapu ija n'kuwapatsa. Mayiyo anaiyang'ana nthawi yaitali asanailandire.

"Kuchoka ali mwana," anatero potsiriza, mawu atatsika kwa nthawi yoyamba chiwadziwire Rhoda. "Bamayo bamupasa kapu yake, akana. Afuna yanga. Nenzo mumenya pa ichi chinthu." Anathira munkoyo m'kapumo, n'kumwa theka, ndipo pofuna kuthira Rhoda anawagwira dzanja, n'kuthira limodzi.

Anthu anayamba kubwerera ku mabasi, a chimbuya atayambiranso phokoso lawo. Pamanda pankanunkha mowa, khofi, chinanazi ndi munkoyo, fungo losokonezeka loti munthu sakanalipatsa dzina, ndipo njuchi zinali zitayamba kufika. Rhoda anatsalira. M'fulasiki ya kunyumba ija munali tiyi pang'ono. Anamuthira m'kapu, n'kumwako kamodzi, n'kukhuthulira wotsalayo pansi pa dzina lija. Anayang'ana m'kapu mopanda kanthumo, ndipo misozi imene inakana kubwera sabata yonse inabwera.

"Mwanisilizila futi tiyi yanga, bashi Luyando," anatero. "Muli na kapu yanu."